Mamilimita 4 pansi pa chigaza: zimene ndinaona m'chipatala ku Ankara

## Mayi amene anabwera ndi envulopu

M'nyengo yozizira ya chaka changa chomaliza cha maphunziro a udokotala ku Ankara, m'dziko la Turkey, ndinaikidwa m'gulu la madokotala ochita opaleshoni ya ubongo ndi msana, ndipo ntchito yanga inali kukhala pambali, kumvetsera ndi kulemba. M'mawa wina munalowa mayi wachikulire atatsagana ndi mwana wawo wamwamuna. Anachokera kumudzi wina wakutali chakum'mawa kwa Anatolia, chigawo chachikulu cha dziko la Turkey, ndipo anayenda usiku wonse pa basi kuti afike pa nthawi imene anapatsidwa. Chimene ndinayamba kuona n'chakuti mayiwo sankatembenuza mutu. Akafuna kuyang'ana munthu amene akulankhula ankatembenuza thupi lonse pamodzi ndi mapewa, ndipo pokhala pampando anatsika pang'onopang'ono ataumitsa khosi, m'manja atagwira zolimba envulopu imene munali CD ya zithunzi ndi pepala la zotsatira.

Mwana wawoyo ndi amene anafotokoza nkhani. Mayiwo anakhala akumva mutu kwa zaka zambiri, ndipo atapita ku chipatala china cha kwawoko anawajambula ndi makina a CT. Pepala la zotsatira linati fupa lachiwiri la m'khosi lakwera kupyola malire ake, ndipo linatchula basilar invagination, matenda amene fupa la khosi limalowa m'munsi mwa chigaza n'kumapanikiza ubongo. Amene anawawerengera pepalalo anawauza kuti mwina adzafunika opaleshoni, ndi kuti akapanda kusamala angathe kufa ziwalo. Kuyambira tsiku limenelo mayiwo anasiya kuwerama pokanda ufa wa buledi, anasiya kunyamula adzukulu, ndipo chimene chinkawapweteka kwambiri mumtima n'chakuti ankaswali atakhala pampando, poopa kuti akagunditsa mphumi pansi fupalo liwalasa ubongo.

"Hocam," anatero mayiwo, monga mmene aliyense amaitanira dokotala wamkulu kumeneko, "mundiuze zoona zokhazokha. Ngati nthawi yanga yakwana, ndikufuna ndikakonze za pakhomo."

Aphunzitsi anga sanayankhe msanga. Analowetsa CD ija m'kompyuta, anasankha chithunzi chodula mutu pakati penipeni kuchokera pamphuno kufika kunkhongo, kenako anandiitana. "Evladım, mwana wanga, bwera pafupi, uyeze wekha." Anandilozera pamene pathera fupa la kumwamba kwa kamwa, anandilozeranso m'mphepete mwa kumbuyo mwa bowo lalikulu la pansi pa chigaza, nandiuza kuti ndilumikize malo awiriwo ndi mzere wowongoka. Nsonga ya fupa lachiwiri la m'khosi lija inali pamwamba pa mzerewo ndi mamilimita 4. Amene analemba pepala lija sananame ayi.

"Tsopano undiuze," anatero aphunzitsiwo motsitsa mawu, "mamilimita 4 amenewa ndi matenda, kapena ndi mmene mayiwa anabadwira? Ndipo munthu amene anaika malire amene ukuwadziwawo anayeza anthu a kuti, ndi makina otani?"

Funso lachiwirilo silinandichokebe m'mutu mpaka lero, ndipo ndi limene landichititsa kulemba nkhani ino.

## Pamene mutu umakhalira pa khosi

Malo amene tikunenawa ndi aang'ono, moti munthu angawaphimbe ndi chikhatho chimodzi kunkhongo, koma zimene zimadutsapo n'zimene zimasunga moyo. Pansi pa chigaza pali bowo lalikulu lotchedwa foramen magnum, limene mwa munthu wamkulu limakhala la mamilimita pafupifupi 35 kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, ndi pafupifupi 30 m'mimba mwake. Pabowo limeneli ndi pamene tsinde la ubongo limapitirira n'kukhala mtsempha waukulu wotsika mumsana, ndipo m'tsinde limenelo ndi mmene muli mbali zolamulira kupuma ndi kugunda kwa mtima. N'chifukwa chake kuvulala kwa pamalo amenewa kumatha kupha munthu nthawi yomweyo, ngakhale thupi lonse likuoneka labwinobwino.

M'khosi muli mafupa 7, koma awiri apamwamba sanapangidwe monga anzawo. Loyamba, lotchedwa atlas, ndi lozungulira ndipo pakati pake ndi pobooka. Lili ngati nkhata imene mayi amaika asanasenze mtsuko, kungoti pano nkhatayo yakhala pa khosi ndipo katundu amene yasenza ndi mutu weniweniwo. Pansi pa chigaza pali timitumbira tiwiri tosalala timene timakhazikika m'maenje awiri a atlas, ndipo pamenepa ndi pamene mutu umagwedezekera tikamavomera. Fupa lachiwiri, lotchedwa axis, lili ndi kafupa kosongoka koloza m'mwamba kotchedwa dens, kamene kamalowa m'kati mwa atlas chakutsogolo. Atlas imazungulira pa kafupa kameneka, ndipo pafupifupi theka la kutembenuka konse kwa khosi kumachitikira pa mfundo imodzi yokhayi.

Pakati pa mafupa awiriwa, komanso pakati pa atlas ndi chigaza, palibe kachichereechere kofewa kamene kamapezeka pakati pa mafupa ena a msana. Zimene zimagwira zonsezi ndi minyewa yolimba yomanga mafupa. Umodzi umadutsa chopingasa kumbuyo kwa dens n'kumakakanikiza ku mbali ya kutsogolo ya atlas kuti kasabwerere kumene kuli mtsempha wa msana, ndipo ina iwiri imachoka m'mbali mwa nsonga ya dens kupita ku chigaza kuti mutu usatembenuke mopyola. Dokotala wa mafupa wa ku America, Howard Steel, anafotokoza mu 1968 kuti mpata wa m'kati mwa atlas, umene ndi pafupifupi masentimita 3, ungagawidwe patatu: gawo limodzi ndi la dens, lina ndi la mtsempha wa msana, ndipo lachitatu ndi malo opuma. Malo opumawo ndi amene amapulumutsa anthu ambiri pa ngozi. Matenda monga nyamakazi yotupitsa mfundo kapena chifuwa chachikulu cha m'mafupa akafooketsa minyewayi, malowo amayamba kutha pang'onopang'ono, ndipo anthu obadwa ndi Down syndrome nawonso nthawi zina amakhala ndi minyewa yotayirira pamalo amenewa.

M'mbali monsemo mumadutsa mitsempha iwiri ya magazi opita kumbuyo kwa ubongo. Imakwera m'timabowo ta m'mbali mwa mafupa a khosi, ikafika pa atlas imakhota n'kuyenda pamwamba pa mbali ya kumbuyo ya fupalo, kenako imalowa m'chigaza. Mwa anthu ena, pafupifupi mmodzi mwa anthu 6 alionse, pamwamba pa mtsemphawo pamamera kafupa kouphimba. Munthuyo sadwala nako, ndipo ambiri amafa ndi ukalamba osadziwa kuti anali nako, koma dokotala wa opaleshoni akapanda kukazindikira angaboole pamenepo poganiza kuti ndi fupa lolimba, n'kulasa mtsempha wa magazi.

## Mizere ya 1939 pa makina a lero

Mzere umene ndinajambula m'mawa uja uli ndi mwini wake. Anaufotokoza ndi W. Edward Chamberlain, dokotala wa X-ray wa ku America, mu 1939. Popeza m'mphepete mwa bowo lalikulu lija simunkaoneka bwino pa zithunzi za nthawi imeneyo, McGregor anasintha mzerewo mu 1948 kuti uzithera pamalo otsikitsitsa a fupa la kunkhongo, ndipo ananena kuti nsonga ya dens ikapyola mzere wakewo ndi mamilimita oposa 4.5 ndiye kuti pali vuto. McRae wa ku Montreal anawonjezera mzere wachitatu mu 1953, wodutsa pakamwa pa bowolo kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, umene nsonga ya dens siyenera kuudutsa mwa munthu wabwinobwino. Pa mzere wa Chamberlain mabuku sagwirizana. Ena amati malire ndi mamilimita 3, ena amati 5. Mayi aja anali pakati penipeni, odwala malinga ndi buku lina, athanzi malinga ndi linzake.

Mizere yonse itatuyi inajambulidwa pa X-ray, chifukwa makina a CT anajambula wodwala woyamba mu 1971 ku London. X-ray imaunjika mafupa a mbali zonse ziwiri za mutu pa chithunzi chimodzi, ndipo imakulitsa zinthu kutengera kutalika kwa pakati pa munthu ndi filimu. CT imadula mutu m'zigawo zopyapyala ndipo miyezo yake imayandikira kwambiri kukula kwenikweni kwa fupa. Kusiyana kwake si kwamasewera. Mpata wa pakati pa nsonga ya dens ndi m'mphepete mwa kutsogolo mwa bowo lalikulu umaloledwa kufika mamilimita 12 pa X-ray, koma atauyeza pa CT mwa anthu athanzi anapeza kuti malire oyenera ali pafupi ndi 8.5. Dokotala amene angagwiritse ntchito nambala ya X-ray powerenga CT angathe kubweza kunyumba munthu amene chigaza chake chasuntha pa khosi.

Aphunzitsi anga sanadalire mzere umodzi. Anandiuza kuti ndijambule wa McRae, ndipo nsonga ya dens inali pansi pake patali ndithu. Tinayeza mpata wa pakati pa dens ndi mbali ya kutsogolo ya atlas, umene mwa munthu wamkulu suyenera kupyola mamilimita 3, ndipo unali bwino. Tinayang'ana ngati atlas inamatirira ku chigaza, monga zimachitikira mwa anthu ena chibadwire, koma inali payokha. Kenako anazimitsa kompyuta n'kutembenukira kwa mayiwo. Anawagwira manja n'kuwauza kuti afinye, anawagogoda m'mawondo ndi m'zigongono, anawapempha kuti amange mabatani a juzi lawo, kenako anawayendetsa m'chipindamo chidendene chikugunda chala. Anawafunsa ngati amatsamwa pomeza, ngati manja amachita dzanzi, ndiponso ngati mutu umakula kupweteka akatsokomola. Zonsezi panalibe. Masana a tsiku lomwelo makina ena ojambulira a MRI, amene amaonetsa ubongo weniweniwo, anaonetsa kuti tsinde la ubongo lili ndi malo okwanira, ndi kuti mbali ya m'munsi ya ubongo wakumbuyo sinatsikire m'bowo lalikulu, vuto limene Hans Chiari anafotokoza mu 1891 ndipo masiku ano limaganiziridwa mbaliyo ikatsika ndi mamilimita 5 kapena kuposa.

"Teyze," anatero aphunzitsiwo, monga amaitanira mayi wachikulire mwaulemu kumeneko, atakhala pafupi nawo, "fupa limeneli mwakhala nalo chonchi kuyambira utsikana wanu. Munabereka nalo ana, munakolola nalo tirigu, ndipo silikukhudza ubongo wanu. Mutu wanu tiufunira mankhwala ena. Kaswalini monga mwa masiku onse."

Mayiwo anakhala chete kwa kanthawi, kenako anatembenuza mutu, mutu wokha, n'kuyang'ana mwana wawo. Potuluka anandigwira mkono n'kunena kuti, "Oğlum, mwana wanga, Mulungu akubwezere kwa mayi ako uli wamoyo." Aphunzitsiwo anawauzanso zizindikiro zimene akaziona abwere msanga, ndipo anazilemba papepala kuti mwana wawo asunge.

## Kuyeza anthu amene sakudwala

Chimene chinandisintha si kuchira kwa mayiwo, chifukwa sanadwale matenda amene ankawaopa. Chinandisintha ndi kuzindikira kuti aphunzitsi anga analimba mtima chifukwa anali ataona mitu yambirimbiri ya anthu athanzi a m'dziko lawo, ndipo ankadziwa kuti pakati pa anthu amenewo pamapezeka ena amene nsonga ya dens imakwera pang'ono pamwamba pa mzere wa Chamberlain popanda vuto lililonse. Sukulu ya udokotala imatiphunzitsa matenda kwa zaka zambiri, koma nthawi yoyang'anitsitsa thupi lopanda matenda imakhala yochepa, ndipo munthu amene sadziwa kutambalala kwa thanzi amaona matenda paliponse.

Patapita masiku ndinapempha dokotala wina wamkazi, amene ankaphunzira ukatswiri wowerenga zithunzi, kuti ndizimuthandiza madzulo. Tonse tinkamuitana kuti Abla, kutanthauza chemwali wamkulu. Ku Turkey dokotala aliyense amene akuphunzira ukatswiri amayenera kulemba kafukufuku wake asanapatsidwe satifiketi, ndipo dzikolo lili m'gulu la mayiko a OECD (bungwe la mayiko amene ambiri mwa iwo ndi olemera) amene amajambula anthu ambiri kwambiri ndi MRI poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Zinthu ziwirizi zikaphatikizana zimafotokoza chifukwa chake m'magazini a zachipatala mumapezeka nkhani zambiri zochokera ku Ankara, Istanbul, Izmir ndi mizinda ina zonena za miyezo ya mafupa a anthu a kumeneko. Zithunzi zilipo kale m'makompyuta a zipatala, ndipo pali achinyamata ambiri amene akufunika kuziyeza.

Ntchito yake ndi yotopetsa. Umatsegula chithunzi cha munthu amene anabwera atagwa pa masitepe kapena atachita ngozi yaing'ono ya galimoto ndipo anapezeka kuti sanavulale. Dzina lake lachotsedwa, kwatsala zaka zake ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Umawongola chithunzicho kuti mutu ukhale pakati penipeni, chifukwa ukapendekeka pang'ono malo oyambira mzere amasuntha. Kenako umaika kadontho pamapeto a fupa la kumwamba kwa kamwa, kena kutsogolo kwa bowo lalikulu, kena kumbuyo kwake, kena pansonga ya dens, ndipo umalemba utali wa mizere ndi kukula kwa ngodya. Abla ankaumirira kuti aliyense wa ife ayeze payekha osaona nambala za mnzake, ndipo patapita milungu tibwerezenso zithunzi zomwezo. Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti anthu awiri osamala angasiyane ndi milimita imodzi pa chithunzi chimodzimodzi, makamaka mwa okalamba amene nsonga ya dens imakhala itamera timafupa tosongoka chifukwa cha zaka. Malire akakhala mamilimita 3 kapena 5, milimita imodzi si kanthu kakang'ono.

Zimene kafukufuku wa mtundu umenewu amapeza mobwerezabwereza, ku Turkey ndi kwina komwe, n'zakuti mwa amuna bowo lalikulu ndi mafupa ozungulira amakhala okulirapo kuposa mwa akazi, ngakhale kuti miyezo ya magulu awiriwa imalowererana kwambiri. Madokotala ofufuza za imfa amagwiritsa ntchito kusiyana kumeneku mtembo ukapsa kapena ukaphwanyika, popeza pansi pa chigaza ndi pokhuthala ndipo pamatetezedwa ndi minofu, moti kawirikawiri pamatsala mbali zina zitawonongeka. Koma amene amadalira miyezoyi tsiku ndi tsiku ndi madokotala a opaleshoni. Kuyambira pamene Atul Goel wa ku Mumbai anafotokoza njira yake mu 1994, imene Jürgen Harms wa ku Germany anaisintha mu 2001, atlas ndi axis zimamangidwa pamodzi ndi misomali yopota ya titanium imene kawirikawiri imakhala ya mamilimita 3.5 m'mimba mwake. Msomali umenewo umadutsa m'kanjira ka fupa kopapatiza, mtsempha wa magazi uli mbali imodzi ndipo mtsempha wa msana uli mbali inayo. Mwa anthu ena mtsempha wa magaziwo umakwera kwambiri m'kati mwa axis moti kanjirako kamachepa kuposa msomali. Dokotala amayezabe wodwala aliyense payekha asanayambe opaleshoni, koma kudziwa kuti zoterezi zimapezeka kawirikawiri bwanji mwa anthu amene amawathandiza kumamuchititsa kuyang'ana pamalo oyenera.

## Zigaza zinayezedwapo kale m'dziko limeneli

Usiku wina ndinamufunsa Abla chifukwa chake mutu wa ntchito yake unkatchula anthu a ku Turkey, pamene zithunzi zonse zinali za chipatala chimodzi. Anasiya kulemba n'kundiuza kuti ndikawerenge za chaka cha 1937, kenako tidzakambirane.

M'zaka zoyambirira za boma la Mustafa Kemal Atatürk, pulezidenti woyamba wa dziko la Turkey, mabuku ena a ku Ulaya ankaika anthu a ku Turkey m'gulu la mitundu imene ankaiyesa yotsika. Boma latsopanolo linafuna kutsutsa zimenezo pogwiritsa ntchito sayansi yomweyo ya mitundu imene inali yotchuka ku Ulaya, imene inkagawa anthu poyerekeza kutambalala kwa mutu ndi utali wake. Mu 1937 magulu a ogwira ntchito zaumoyo anayenda m'dziko lonse n'kuyeza anthu pafupifupi 64,000, mitu, mphuno ndi misinkhu. Afet İnan, mwana wolera wa Atatürk, anagwiritsa ntchito miyezoyi pa digiri yake ya ukachenjede ku Geneva pansi pa Eugène Pittard, ndipo anamaliza mu 1939, chaka chomwecho chimene Chamberlain anajambula mzere wake. Cholinga chinali kusonyeza kuti anthu a ku Anatolia ndi a mitu yozungulira, a mtundu umodzi ndi anthu a kumapiri a pakati pa Ulaya. Zaka ziwiri kafukufukuyo asanachitike, mu 1935, akatswiri anafukula manda a Mimar Sinan, mmisiri wamkulu wa zomangamanga amene anamwalira mu 1588 ndipo anaikidwa pafupi ndi mzikiti wa Süleymaniye umene anaumanga ku Istanbul. Anatulutsa chigaza chake kuti achiyeze, ndipo chigazacho chinasowa.

Nkhani imeneyi inandiwawa, ndipo monga munthu wa ku Africa sindikanatha kuiwerenga ndi mtima wozizira, podziwa kuti zigaza za makolo a anthu a ku Namibia ndi madera ena zinatengedwa kupita ku Ulaya kukayezedwa ndi zida zomwezo, pofuna kutsimikizira kuti eni ake ndi anthu otsika. Anthu a ku Turkey ananyozedwa ndi sayansi imeneyo, ndipo m'malo moikana anaitenga kuti adzikweze nayo. Ndikumvetsa ululu umene unawafikitsa pamenepo, koma sindikuvomereza njirayo, chifukwa muyezo wa mutu sunena chilichonse za nzeru kapena ulemu wa munthu.

Zimene ankachita Abla n'zosiyana, ndipo kusiyana kwake kuli pa funso limene likufunsidwa. Oyeza a 1937 ankafuna nambala imodzi yoimira mtundu wonse kuti aiike pambali pa nambala ya mtundu wina. Woyeza wa m'chipatala safuna nambala yapakati yokha. Iye amafuna kudziwa m'mphepete, kuti munthu wathanzi angafike pati asanatchedwe wodwala, ndipo anthu amene amamusangalatsa kwambiri ndi aja osiyana ndi anzawo koma ali bwinobwino.

## Kodi chigaza cha munthu wa ku Turkey chilipo?

Maganizo anga ndi akuti kulibe chinthu choterocho, ndipo Abla anavomereza. Dzikolo lili ndi anthu oposa 85 miliyoni. Muli Akurdi, Aluya, Alaz a m'mphepete mwa Black Sea, zidzukulu za anthu amene anathawa ku Caucasus ndi ku Balkans, ndiponso anthu a ku Syria amene anabwera chifukwa cha nkhondo. Chipatala cha ku Ankara chimalandira onsewa, ndipo chithunzi cha CT sichinena chilankhulo chimene munthu amalankhula kunyumba. Komanso anthu amene timawatcha athanzi m'kafukufuku wotereyu anabwera ku chipatala ndi chifukwa china, anajambulidwa atagona chagada mutu uli pa chotsamira, osati ataimirira monga amakhalira tsiku lonse. Kusiyana kwa pakati pa mwamuna ndi mkazi, pakati pa mnyamata ndi nkhalamba, pakati pa X-ray ndi CT, ndiponso pakati pa anthu awiri a m'mudzi umodzi, nthawi zambiri kumakhala kwakukulu kuposa kusiyana kwa pakati pa mayiko.

Komabe sindinganene kuti malo alibe kanthu. Kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, basilar invagination imapezeka kawirikawiri kuposa madera ambiri a dziko lapansi, ndipo madokotala a kumeneko akhala akuigwirizanitsa ndi kaumbidwe ka mitu yaifupi ndi yotambalala ya anthu a m'deralo. Ku India nakonso mavuto obadwa nawo a pamalo amenewa amaoneka kwambiri, ndipo si mwangozi kuti njira ya opaleshoni ija inachokera ku Mumbai. Choncho dokotala ali ndi chifukwa chomveka choyezera anthu amene amalowa pakhomo la chipatala chake, ndi makina amene iye amagwiritsa ntchito. Chimene ndimakana ndi kumata dzina la fuko lonse pa miyezo ya chipatala chimodzi, chifukwa wowerenga wosasamala amatenga tebulo la nambala limenelo n'kuliyesa lamulo latsopano, monga momwe amene anawerengera mayi aja pepala anayesera mzere wa 1939 kukhala chiweruzo. Tebulo labwino limanena mzinda, zaka za anthu oyezedwa, mtundu wa makina, ndi kuti oyezawo anasiyana motani, ndipo limamusiyira dokotala udindo wogwira manja a wodwala.

## Zimene ndikufuna kudzachita kwathu

Ntchito ya mtundu umenewu si yachilendo ku Malawi. Ku College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, aphunzitsi a kapangidwe ka thupi Igbigbi ndi Msamati anayeza mafupa a ntchafu ndi a chiuno a Amalawi pa zithunzi za X-ray n'kufalitsa zotsatira zake cha m'ma 2000, pofuna kuthandiza kusiyanitsa mafupa a mwamuna ndi a mkazi. Ndipo MRI imene inaikidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital mu 2008 inathandiza kusonyeza, m'kafukufuku wofalitsidwa mu 2015, kuti ana ambiri amene amamwalira ndi malungo a mu ubongo amafa chifukwa ubongo umatupa n'kupanikiza tsinde lake mpaka kupuma kumaima. Zimenezo zimachitikira pafupi ndi bowo lomwe lija la pansi pa chigaza.

Masiku ano zipatala zathu zazikulu zikujambula ndi CT anthu ambiri ovulala pa ngozi za minibasi ndi njinga zamoto za kabaza, ndipo ena mwa iwo amapezeka kuti mafupa a khosi sanakhudzidwe. Zithunzi zawo n'zokwanira kuyambira ntchito imene ndinaphunzira kwa Abla. Pamafunika chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, kuchotsa mayina, kusankha zithunzi zodulidwa mopyapyala mokwanira, ndi anthu awiri oleza mtima oyeza aliyense payekha. Ine ndingawonjezere funso limodzi limene ku Ankara sitinkafunsa: ngati munthuyo wakhala akusenza madzi, nkhuni kapena matumba pamutu kuyambira ali mwana, ndiponso kwa zaka zingati. Dokotala wa opaleshoni ya ubongo Laurence Levy analemba mu 1968 za kuvulala kwa khosi kwa anthu osenza matumba olemera m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, ndipo ndikufuna kuona ngati zaka za kusenza zimasintha kaonekedwe ka mfundo za atlas ndi axis mwa amayi amene sadandaula chilichonse. Funso limeneli silingayankhidwe ndi zithunzi zakale zokha, chifukwa kompyuta sisunga mbiri ya katundu amene munthu anasenza, choncho padzafunika kufunsa anthuwo asanatuluke m'chipinda chojambulira.